Banga la Kumanzere kwa Mathithi

Ndinkadikira zithunzi zanga za pasipoti m'kasitudiyo kena pamene madala ena analowa, kamera ili lende pakhosi. Mwini situdiyoyo anali mkamwini wawo. Anadzuka msanga n'kuwapatsa mpando wake, uja wa matayala.

"Apongozi, chithunzi chanu chija ndachikonza. Taonani."

Anawatembenuzira kompyuta. Anali mathithi, koma madzi ake osalala ngati mkaka ukukhuthulidwa, miyala ili bii, ndere zili biriwiri. Madalawo anavala magalasi n'kuyang'ana nthawi yaitali.

"Banga lija lili kuti?"

"La kumanzere? Ndafufuta. Landidyera ola lathunthu, kutapa mwala wa pambali n'kumamata pamenepo pang'onopang'ono. Munagwedeza kamera, eti? Ukalamba, apongozi!"

Madala sanaseke.

"Kamera inali pa miyendo yake itatu, akamwini, sinagwedezeke. Kuti madzi atuluke chonchi, diso la kamera umalisiya lotsegula masekondi makumi atatu, galasi lakuda kutsogolo, iwe osapuma n'komwe. Chilichonse choyenda chimasungunuka. Ndiye ndili pakati powerenga chamumtima, apongozi anu aakazi n'kudutsa kutsogolo, ati akukatsuka mapazi. Ndinawakalipira mpaka kunyumba. Iwo kumangoseka, ati, 'Madziwo atha kodi? Jambulaninso.'"

Anavula magalasi, n'kuwapukuta ndi malaya.

"Zaka makumi anayi ndikujambula akazi a eni. Anga akaona kamera ankatembenukira kukhoma. Tawaika m'manda ndilibe chithunzi chawo ndi chimodzi chomwe. Banga lija ndi iwowo."

Mkamwini anagwira pakamwa.

"Pa khadi la m'kamera chilipobe?"

"Ndinajambulirapo ukwati. Munati mwasunga inu."

Mkamwini uja, mnyamata wa ndevu zake, thukuta linali kamukamu. Anakokera mausi uku ndi uku, akulankhula yekha.

"Ndikamakonza ndimayala ngati pepala loonekera pamwamba, n'kumapaka pamenepo. Ngati sindinaliphatike ndi chithunzi chenichenicho..."

Anatsegula fayilo ina. Munalibe. Ina, munalibenso. Ine zapasipoti ndinali nditaiwala, ndaima kumbuyo kwawo khosi lili tolotolo ngati wachibale. Yachitatu inachedwa kutseguka. Anadina kachizindikiro kena m'mbali, ndipo mwala wakumanzere uja unachoka.

Panatsala kautsi kachikasu, kotalika ngati munthu, kopendekera kumadzi. M'munsi mwake, pamene mayiwo anaponda n'kuima kaye, phazi limodzi linkaoneka bwinobwino, ndi kachala komwe.

Madala anasendeza mpando mpaka maondo anagunda tebulo.

"Phazi limeneli linkathetsa nsapato mbali imodzi," anatero chapansipansi.

"Ndiwawalitse, apongozi? Ndikhoza kuwonjezera chikasucho kuti aoneke."

"Ayi, asiyeni mmene anadutsiramo. Ingosindikizani ziwiri zazikulu. China mukapatse akazi anu, koma musawauze. Tione ngati angawadziwe mayi awo."