Kapu ya Herminia

Bambo athu, a Nicanor, chifuwa chikawagwira sitifunsa munthu. Timawiritsa maluwa a malva mu mkaka, n'kuthiramo uchi pang'ono, pakhosi pamafewa. Tsikulo ndinali ndi mbatatesi zoti ndikumbe mvula isanabwerenso, ndiye ndinatuma mng'ono wanga Herminia, amene anali atangofika pachilumba pano kuchokera ku mzinda wa Santiago, komwe anakhala zaka khumi ndi zinayi osapondako kuno.

"Aatali aja, apinki, a kumpanda. Ukuwakumbukira?"

"Iii achemwali, mukuyesa ndinabadwira m'basi?"

Kupusa kunali kwanga. Kumpanda kwathu kuli maluwa aatali apinki amitundu iwiri. A malva amayasama ngati sosala. A dedalera, omera okha aja, amalendewera ngati timabelu, ndipo ndi nkhosa zomwe siziwadya, chifukwa amaimitsa mtima.

Nditabwerako masana ndinavundukula poto pachitofu. Timabelu tokhatokha, titalefuka mu mkaka.

"Herminia! Amwa?"

"Kalekale. Kapu ndaipeza ilibe kanthu. Bwanji?"

"Iyi ndi dedalera, chitsiru iwe!"

Ndinathamangira kuchipinda. Bambo anali gone, atafunda poncho yawo yaubweya, maso ali tseke. Ndinawagwira pamkono, koma sindinadziwe ngati kugunda komwe ndinkamva kunali kwa mtima wawo kapena wanga. Chipatala chili kutsidya, ulendo wa ola lathunthu pa boti, ndipo mphepo inali itayamba kale kutembenuza nyanja.

"Bambo, mukumva nseru? Mukundiona bwinobwino?"

Anangong'ung'udza.

Herminia anali pakhomo, manja ali kumutu. "Ndawapha ine, achemwali. Ndawapha."

"Kulirako kuchiza ndani? Thamanga kwa aneba athu a Abelardo, atsitse boti! Zaka zonsezi uli zii, lero wabwera kudzatimalizira nkhalamba?"

Mawu amenewo ndimachita nawo manyazi mpaka lero. Iye sanasunthe. Ndinalowetsa mkono kunsi kwa msana wa bambo kuti ndiwadzutse, iwo n'kundikankha ndi mphamvu zosayenera munthu wakufa.

"Tandisiya, Edelmira. Sindikwera boti ine."

"Mwamwa poizoni, bambo!"

"Sindinamwe."

Analoza pawindo. Nditasuzumira ndinaona mkaka utayenderera pamatabwa a khoma mpaka pansi. Ndinakhala pabedi, ndikuseka uku misozi ikutuluka.

"Ndiye munadziwa? Munamva fungo?"

"Fungo lanji? Mphunozi zinatseka." Anatsokomola, n'kutembenukira kukhoma. "Mayi ako anatsirizika akumuitana mng'ono wakoyu, iye osabwera. Cha m'manja mwa ameneyo ine sindimwa."

Kuseka kwanga kunathera pomwepo. Herminia anatsitsa manja pang'onopang'ono, maso ali pamsana pa bambo.

"Mwachita bwino, bambo," anatero.

Anapita kukhitchini. Ndinamumva akukwecha poto uja kwa nthawi yaitali, mpaka madzi a mumtsuko anatha.