Dzina la Ba Levy pa Foni ya Solange

Nkhuku inali itapsa kalekale, koma Solange anapitirizabe kusuzumira kumsewu. Loweruka limenelo abale a Collins, bwenzi lake logulitsa nsomba ku Chanyanya, anayenera kubwera ndi tumbale tofunsira mkazi. Solange Kaseba, telala wa ku Nangongwe, anathawa nkhondo ku Congo akadali mtsikana, ndipo analibe mayi kapena malume wolandira alendo otere. Choncho Ba Felistus, eni nyumba imene ankachita lendi, anadzipereka kukhala mayi, malume ndi mtundu wonse. Anavala ndi duku lawo la kutchalitchi lomwe. Dzuwa linapendeka, nkhuku anadya ndi ana, ndipo pakhomo sipanafike ngakhale galu.

Collins anaimba foni madzulo, mawu ake ali ozizira ngati a munthu wodwala malungo. Anati azakhali ake, Ba Ireen, akana kunyamula tumbale, ndipo kwawo kanthu sikayenda azakhaliwo akakana. Chifukwa chake anachinena mozungulira, mpaka Solange anachita kumukoka lilime. Ba Ireen ankati mkaziyo ali ndi mwini kale, ndipo dzina la mwiniyo analiona ndi maso awo pafoni.

Apo m'pamene Solange anakumbukira mayi wina wonenepa amene anabwera mwezi wathawo kudzasoketsa diresi. Mayiyo anapempha madzi akumwa n'kuyang'anitsitsa kapu, anasuzumira kuseri kwa chitseko, anafunsa za tchalitchi. Anali Ba Ireen amenewo, atabwera mwakachetechete kudzayesa mtengwa monga amachitira azakhali odziwa ntchito yawo. Kapu inapambana mayeso, kuseri kwa chitseko kunapambananso. Zinthu zinaipa pa kulipira, chifukwa atalemba nambala kuti atumize theka la mtengo, foni yawo inaonetsa dzina lakuti Levy Hachaamba.

Nkhani yake inali yosavuta. Pamene Solange ankafika ku Kafue kuchokera kumsasa wa othawa kwawo, munthu wopanda reji, chitupa cha nzika chija, sankatha kulembetsa nambala yolandirira ndalama. Ba Levy, amuna a Ba Felistus, anali ndi masimukhadi atatu, awiri akungogona m'kabati, ndipo akazi awo anatola imodzi n'kupatsa Solange. Makasitomala anazolowera, ena n'kumaseka kuti Ba Levy amasoka bwino. Koma Ba Ireen sanaseke. Anapita pa kanyumba kotumizira ndalama pamsika n'kufunsa Taizya, mwini kanyumbako, kuti Levy ameneyu ndani. Taizya anayankha kuti ndi mwamuna wokwatira, amakhala bwalo limodzi ndi telalayo, ndipo ndalama zonse za telalayo zimalowa m'dzina lake. Sananame mawu ndi amodzi omwe, koma anaotcha nyumba.

Ba Felistus atamva zimenezi anaseka mpaka duku linagwa. Ba Levy, amene anali pakhonde akuchokosola m'mano, anadzigwira pamimba n'kufunsa ngati ndi iwodi akunenedwa, ndipo ankaoneka kuti nkhaniyo yawakomako pang'ono.

"Osamvera bwino imwe," anatero Ba Felistus. "Ine nemwine nimakupirirani chabe. Manje wina akutengeni akachite naimwe chani?"

Kuseka kunatha ataona kuti Solange akulira. Ankamukonda Collins, ndipo zinamupweteka kuti atadzisunga zaka zonsezi, mbiri yake yaipa chifukwa cha kanthu kochepa ngati chikhadabo. Chinamupwetekanso china. Iye ankadziwa kuti lamulo linasintha, kuti a mabungwe othandiza othawa kwawo anakambirana ndi aboma ndi makampani a mafoni mpaka chitupa cha wothawa kwawo chinayamba kulandiridwa. Koma ankangozengereza. Kutulutsa chitupa chimenecho pagulu kunkamuchititsa mantha ndi manyazi, ndipo dzina la Ba Levy linali pobisalira pabwino.

"Nsalu yobwereka siithetsa usiwa," anatero Ba Felistus pomupukuta misozi. "Iwe ndiwe telala, uziba bwino. Pa Mande tiyenda kumaketi."

Lolemba m'mawa anamupeza Taizya akutsegula kazenera kake. Ba Felistus anayamba ndi kumutsuka pakamwa, anthu odikira minibasi ya ku Lusaka n'kumamvera kwaulere. Taizya anadziteteza kuti iye anangoyankha zomwe anafunsidwa. Kenako Solange anaika chitupa chake pathabwa n'kunena kuti akufuna nambala ya dzina lake. Taizya anachiyang'ana chapatali n'kupukusa mutu. Popanda reji, anatero, foni yake yolembetsera siingavomere.

"Ba Taizya," anatero Solange mofatsa, "ija sikipa munavala ku mitingi ya ku Boma, si ndine ninaichepetsa? Kumbuyo kwake banalemba ati bothaba nkhondo nabeve balembetse."

Taizya anakanda m'mutu. Anavomera kuti kumsonkhanoko anapitadi, koma anakhala kumbuyo, ndipo chimene anachigwira bwinobwino ndi mpunga wa nkhuku wa masana. Anthu anafa nacho chiseko. Pofuna kuchotsa manyazi anaimbira Ba Audrey, mayi wa kubungwe amene anawaphunzitsa tsikulo. Mayiyo sanakalipe. Anati ntchito yake ndi yomweyo, kuonetsetsa kuti zimene anagwirizana m'maofesi ku Lusaka zafika pa kazenera ngati kameneko, ndipo anamutsogolera pang'onopang'ono pofunika kudina. Taizya anajambula chitupa, n'kujambulanso Solange, amene Ba Felistus anayamba amukonza kolala ngati akupita kukakwatiwa pomwepo.

Pasanapite nthawi foni inalira. Uthengawo unkalandira Solange Kaseba, dzina lonse, lopanda cholakwika. Solange anauwerenga, n'kuuwerenganso. Chiwolokereni malire, dzina lake ankalimva likuitanidwa pa mizere yolandirira chakudya basi, ndipo lero linali pa chinthu chakechake. Ndi chimwemwe, anaseka misozi ili mbwembwembwe. Mayi wina wogulitsa tomato analuluta osadziwa n'komwe kuti kwagwanji.

Ba Felistus ankafuna kukwera galimoto nthawi yomweyo kuti akawaonetse a ku Chanyanya foniyo pamphuno. Solange anakana. Anati iye sakapempha ukwati pakhomo pa munthu ngati mchere. Anangotumiza uthenga kwa makasitomala onse wonena nambala yatsopano, ndipo kwa Ba Ireen anaonjezera kuti diresi lawo latha.

Ba Ireen anabweradi, pakuti mayi wa malonda a nsomba sangasiye chitenje chake kwa munthu ngakhale atadana naye chotani. Analowa nkhope ili gwa, moni wake wa m'mphuno. Diresi linawakhala ngati anabadwa nalo, ndipo anayesetsa kuti asamwetulire pagalasi koma masaya anawapereka. Pofuna kumaliza kulipira analemba nambala yatsopanoyo, n'kuitalikitsa foni kumaso, n'kuwerenga dzinalo mokweza. Kenako anafunsa kuti nanga Levy uja wapita kuti.

"Ali apo, agona pansi pa mango," anatero Ba Felistus akulowa ndi mpando. "Ni bamuna banga. Simu ija ndine ninamupasa mwana uyu na manja yanga. Mukamufuna Levy mutengeni, nizakupasani na bulangeti yake."

Anafotokoza zonse kuyambira pachiyambi, za reji, za lamulo lakale, za sikipa ya Taizya, ndipo anamaliza ndi kuwakumbutsa alendowo kuti safunsa anadya phula. Ba Ireen anayankha kuti iwo kufunsa anafunsa, kungoti anafunsa munthu wolakwika. Anasuzumira pazenera n'kuwaona Ba Levy ali gada pampando, kukamwa kuli yasa, ndipo chiseko chimene anachitsekereza chinawaphulikira. Anaseka mpaka anakhala pa mulu wa nsalu.

Atapuma anamugwira Solange dzanja. Manyazi anali nawo ndithu, ndipo sanawabise. Anati anamulakwira mwana wa eni, ndipo tumbale adzanyamula okha Loweruka likudzalo, ngakhale kugwe mvula yotani. Solange anagwada pang'ono n'kuthokoza, mtima uli myaa. Ankaganiza kuti alendowo anyamuka, koma anawaona akuika chikwama pansi n'kuimirira pakati pa chipinda, manja atatambasula.

"Tenga tepi unipime futi, mwana wanga," anatero Ba Ireen. "Iyi ni ya pa ukwati. Koma usiyeko malo m'chiuno, chifukwa nizavina maningi."