Chotchinga cha pa Macheka

Chaka chimene Aphunzitsi anapuma pa ntchito, alamu awo, mlongo wa akazi awo, anawaika kukhala dayilekitala wa kampani yawo yocheka matabwa. Anati ntchito palibe, n'kungofika apo ndi apo, kukhala pampando wofewa ndi kumwa tiyi. Aphunzitsi analandira ndi manja awiri. Koma akazi awo sanakondwe. Ankati mlongo wawoyo akumudziwa kuyambira ali wamng'ono: akakugawira nzimbe, uyambe wayang'ana ngati mulibe mbozi.

Tsiku lina masana pawailesi pankalankhula mayi wa ku ofesi yoona za ntchito. Anati wantchito akavulala chifukwa cha kusasamala kwa eni ake, mlandu suthera pa dzina la kampani. Umafika kwa madayilekitala, aliyense payekha, ndipo kunena kuti sunkadziwa sikukupulumutsa ku ndende. Akazi awo anasiya kusoka n'kuwayang'ana.

Kuyambira pamenepo Aphunzitsi anayamba kusinkhasinkha zimene ankaona akapita kumatabwako. Alamu ankawatumizira galimoto nthawi zonse, ndipo dalaivala asanalize injini ankayamba waimba foni ku kampaniko kunena kuti akunyamuka. Akafika ankapeza pansi posesedwa, utuchi uli pamulu. Antchito onse ankakhala mu zisoti zachikasu zopanda ndi kachipsera komwe, magolovesi oyera ngati angochoka m'sitolo. Munthu wonyamula zipika tsiku ndi tsiku, magolovesi ake angayere chotero?

M'mawa wina anapalasa njinga osauza munthu, n'kukalowera ku chipata cha kuseri kumene kumalowera zipika. Macheka aakulu ozungulira aja ankalira ali pamtunda, mano onse poyera. Bambo wokankha chipika anali mu mapatapata, manja ali pafupi kwambiri ndi mano. Chotchinga chachitsulo chimene ankachiona pamwamba pa macheka chinali pansi pa mtengo, chagadama, nkhuku zikumweramo madzi.

Kapitawo atawaona anavula chipewa mofulumira n'kufunsa kuti galimoto yafera kuti. Aphunzitsi anangoloza chotchingacho. Kapitawo anakanda m'mutu, nati chimachedwetsa ntchito chipika chikakhala chonenepa, ndiye amachimanga pa tsiku la alendo basi. Zisoti nazo zimatuluka m'sitolo tsiku lomwelo.

"Alendo ake ati?"

"A boma, bwana. Ndi inuyo."

Aphunzitsi anamuuza mofatsa kuti azimitse makinawo. Phokoso litaleka, alamu anatulukira ku ofesi akuseka, manja atatambasula, koma maso ali pa njinga. Anati mlamu wawo akanangonena, bwenzi atamuphikira tiyi. Anawakokera pambali n'kunong'ona kuti matabwa akudikiridwa, ndipo zoterezi azisiyira anthu ozidziwa.

"Alamu, bambo uyu akaduka dzanja lero, kukhoti tikaima tonse awiri?" anafunsa Aphunzitsi.

Alamu anatsokomola, n'kuyang'ana nsapato zawo. Anati iwo udayilekitala anautula kalekale chifukwa cha kuchuluka kwa zochita, pano amangothandiza ndi malangizo. Anati ankaganiza kuti anawauza kale.

Antchito anali ataima chapatali, akunamizira kukonza zipika, makutu ali kuno.

"Ndiye kuti pano wamkulu ndine ndekha," anatero Aphunzitsi.

"Pa dzina chabe, alamu."

"Dzinalo ndi limene akaitane."

Anaitana kapitawo n'kumuuza kuti akhuthule madzi a nkhuku, amange chotchingacho, atsegule sitolo, aliyense atenge chisoti ndi magolovesi zikhale zake. Macheka asalirenso ali pamtunda, kaya chipika chanenepa bwanji. Kapitawo anayang'ana alamu kudikira kuti atsutse. Alamu anatsegula pakamwa, koma pamaso pa anthu onsewo akanalamula ngati ndani? Anatembenuka n'kubwerera ku ofesi, chitseko n'kumenyetsa.

Mabawuti awiri a chotchinga anasowa, ndipo anthu anayamba kuwafufuza mu utuchi. Aphunzitsi anakwinya mawondo a buluku, nakhala pa chipika moyang'anana ndi macheka. Bambo wa mapatapata uja anawafunsa mwaulemu ngati mawa abweranso.

"Sindikuuzani," anatero Aphunzitsi.