Wilibala Imodzi pa Masiku Atatu

Nditamaliza mayeso a Fomu 4, bambo anandipatsa miyezi iwiri. "Chrispine, bizinesi yakoyo ikapanda kugula ngakhale thumba limodzi la feteleza mvula isanagwe, khasu lako lili kuseri kwa nkhokwe. Mbatata ya kachewere sifunsa satifiketi."

Ine khasu? Ine amene m'mutu mwanga ndinali kale ndi malole atatu, ofesi pa Ntcheu boma, ndi mkazi wondichingamira pageti madzulo aliwonse? Ndinalemba chikwangwani pakatoni n'kukachikhoma pamsika wa Manjawira: TIMACHOTSA KATUNDU WAKUTHA M'NYUMBA NDI M'MASITOLO. Akuti "timachotsa", chonsecho kampani yonse inali ine ndi wilibala yobwereka kwa mnzanga Evance, yolira ngati nkhumba yopita kumsika.

Za mtengo ndinaziganizira mozama. Kulipiritsa pa tsiku ndinakana, amenewo ndi maganyu. Munthu wophunzira amalipiritsa pa wilibala: K3,000 iliyonse yokafika kudzala. Ukathamanga, walemera. Ndinadziombera m'manja ndekha.

Milungu isanu ndi iwiri inatha popanda wondifunsa ngakhale njira. Kenako kunatulukira Tawina, mtsikana amene ndinakhala kumbuyo kwake m'kalasi zaka zinayi osamuuza kanthu kupatula kubwereka rula.

"Abwana a kampani, muli ndi mpata?"

"Ndione kaye ndandanda," ndinatero ndikupisa m'thumba momwe munali mtedza wokazinga basi.

Agogo ake aamuna, a Maynard, anali ndi chipinda chakuseri chomwe banja linkafuna kuchititsa lendi kwa mphunzitsi watsopano. Titatsegula chitseko, mtima wanga unavina ngoma. Katundu mpaka kudenga! Ndinayeza ndi maso: mawilibala makumi asanu. Feteleza wa bambo ameneyo, mwinanso ndi kapafyumu.

A Maynard, omwe unyamata wawo wonse unathera ku migodi ya ku Joni, anakoka mpando n'kukhala pakhomo penipeni.

"Mtengo wako ndaumva, mwana wanga. Wilibala ikafika kudzala, ndikulipira. Koma chilichonse chizidutsa pamaso panga."

"Palibe vuto, agogo."

Ndinadzaza yoyamba mwaliwiro, Tawina aone minofu. Sindinayende mapazi atatu.

"Ima! Chisoti chimenecho ukupita nacho kuti? Chinandilandirira mwala waukulu ngati mutu wako. Taona pophwanyikapa."

Nkhani ya mwalawo inadya theka la ola. Chisoti chinabwerera m'chipinda.

"Wailesiyi ndiye ndi yakufa, agogo."

"Yakufa ndi nzeru zako. Yangokomoka. Ikufuna kawaya kamodzi."

"Inakomoka liti?"

"Amayi ake a Tawina asanabadwe. Bweza."

Njinga yopanda mateyala inabwerera chifukwa ndi yomwe anakafunsira mbeta ku Sharpevale. Sutikesi yachitsulo inabwerera chifukwa inakwera nawo ndege. Mabulangete odyedwa ndi makoswe anabwerera chifukwa masiku ano mabulangete otere kulibe. Ine ndinkangoti "zoona, agogo", mano ndikukukuta, maso ali kumitambo yomwe inkadetsa mapiri. Tawina ankasenda chimanga pakhonde, mapewa akugwedezeka. Ndinadziuza kuti akutsokomola.

Tsiku lachiwiri ndinayesa nzeru. Ndinabisa nyale yosweka pansi pa masaka n'kudutsa ndikuimba mluzu.

"Iwe, wilibala yalemera mbali imodzi. Ine ndinakankha ngolo pansi pa nthaka zaka khumi ndi ziwiri. Vundukula."

Pofika tsiku lachitatu, katundu yense anali atatuluka, atawombedwa mphepo, atapukutidwa fumbi ndi manja anga, n'kubwerera m'malo mwake mwadongosolo kuposa kale. Kudzala kunafika wilibala imodzi yokha, ya zisa za makoswe ndi ziguduli.

"Komanso sinadzaze," anatero a Maynard. "Theka. Pangano ndi pangano."

Anandipatsa K1,500. Chipinda anati sachititsanso lendi, chakongola kwambiri.

Tawina anandiperekeza mpaka pamsewu. Ndinkayembekezera mawu otonthoza, aja oyambira chikondi.

"Abwana, mukanangoti pa tsiku, bwenzi mutalandira katatu. Tonse pano timawadziwa agogo. Amalume anayesapo, anathawa tsiku loyamba."

"Nanga bwanji osandiuza?"

"Munandifunsa? Munali otanganidwa ndi ndandanda."

Tisanasiyane, a Maynard anakuwa kuti ndibwerere. M'manja anali ndi majombo awo a kumgodi, olemera ngati njerwa.

"Tenga. Ndiwe woyamba kumva nkhani zanga mpaka kumapeto. Awa okha ndi omwe ndikulola kuti achoke pano."

Evance anatenga K1,500 ija ya wilibala yake, n'kundiuza kuti ndithokoze poti ndife abwenzi. Mvula inagwa mawa lake.

Bambo anayang'ana manja anga opanda feteleza, anayang'ana majombo, n'kugwedeza mutu.

"Koma bizinesi yako ili ndi nzeru. Yakugulira zovala za kuntchito."

Ndili pakati pa mizere, matope mpaka m'mawondo, Tawina anadutsa pa njinga akuchokera kuchigayo.

"Abwana a kampani! Majombowo akukukhalani!"

Akundikhala. Mawu amenewo ndinawatembenuza m'mutu mpaka masana. Pamene bambo ankandikuwira kuti mzere wanga wakhota ngati njira ya mbuzi, ine ndi Tawina tinali titatchula kale dzina la mwana wathu wachiwiri.