Chitamba cha a Nasoni

"Yayambanso," anatero mmodzi mwa amayi amene ankatsuka mbale panja.

Katerina anamva mawuwo ali m'nyumba, pamphasa pomwe anamukhazika chiikireni maliro a mwamuna wake. Sanafunse chimene chayambanso. Pansi pa mtengo wa mango panaima pikapu ya malemuyo, a Nasoni, ndipo inkapuma.

A Nasoni anayendetsa matola zaka zambiri pakati pa Golomoti ndi Mtakataka. Mvula ya chaka chimenecho itayamba, anaganiza zosintha pomwe injini imakokera mpweya. Kale inkakokera m'munsi, kuseri kwa nyali, pomwe fumbi ndi madzi zimafika msanga. Iwo anaboola chitsulo cha pamwamba pa tayala lakumanzere, nalowetsa paipi yakuda yapulasitiki, nailumikiza ku bokosi la eyakilina losefa mpweya, kenaka naikweza m'mbali mwa galasi mpaka kupitirira denga. Anthu a pamsika anaitcha chitamba. Eni ake ankati injini ikamapuma mpweya wozizira, wopanda fumbi, imakoka bwino pachitunda, komanso ikhoza kuwoloka madzi ofika m'chiuno osamwa. Ntchitoyo sanaimalize. Mphumu yawo yakalekale inawagwira sipanala ili m'manja, ndipo anatsirizika m'njira yopita kuchipatala ku Mua, atatsamira Katerina, akufunafuna mpweya.

Kupumako kunamveka koyamba anthu atabwera kumanda. Ena anati ndi mphepo ikudutsa pakamwa pa paipi. Wina anamangapo nsalu kuti phokoso lithe. Nsaluyo inali yachipani, yosuluka, ya chisankho chakale. Zinangoipiratu. Tsopano nkhope ya munthu wa pansaluyo inkalowa m'kamwa mwa paipi n'kutulukanso, pang'onopang'ono, ngakhale masana otentha amene tsamba limodzi silinkagwedezeka. Opita kuchitsime anayamba kuzungulira kuseri kwa khola.

Katerina analibe nthawi yoopa nsalu. Nkhawa yake inali tsidya lina la mtsinje, kwa apongozi ake, aNangozo. A Nasoni anayenera kuikidwa kumeneko, kwawo kwa mayi wawo, koma mtsinje unadzaza n'kukokolola kamlatho, ndipo thupi silikanadikira. Anaikidwa kwawo kwa mkazi, mayi wowabala kulibe. Anyamata ankawoloka madzi ali m'chifuwa, koma nkhalamba yodwala miyendo palibe akanainyamula m'madzi otere. M'mawa uno mnansi wa aNangozo anali ataimba foni. Anati agogo sanalawe kanthu chimvereni uthenga, akuti adzadya akadzaona manda a mwana wawo, ndipo ayamba kulankhula motsitsa.

Panja panamveka chitsulo chikukhudza chitsulo. Katerina anadzuka. Amayi amene ankamukhalira anamugwira nsalu.

"Namfedwa satuluka choncho."

"Ndisiyeni, ndibwera."

Anapeza Bizeki, mng'ono wa malemu, atakwera patayala, sowo ili m'manja.

"Alamu, mukutani?"

"Ndikuchidula," anatero Bizeki osamuyang'ana. "Tikachisiye pamanda pawo. Anthu akuthawa pakhomo pano. Achimwene anasiya ntchito theka, ndiye mtima wawo uli m'menemu."

"Tsikani."

"Alamu, inu bwererani m'nyumba. Izi n'za amuna."

"Mukadula icho, amayi tikawatenga ndi chiyani? Wilibala?"

Bizeki anatsika, koma sowo sanaitule. Anali munthu wamtali, wofatsa, wa mantha ndi zinthu zambiri, ndipo kwa mayi ake sankapitako kawirikawiri.

"Galimoto ya malemu siyenda tisanamete," anatero. "Mukudziwa."

"Ndikudziwa. Ndipo sitimeta amayi kulibe. Amayi sabwera popanda galimoto. Ndiye tizingoyang'anana mpaka tikumbe manda ena?"

"Madzi aphwa."

"Kumapiri kukugwabe. Tayang'anani uko."

Kumtunda, cha ku Dedza, mitambo inali bii. Onse awiri ali chiyang'anire, nsalu ija inalowa m'paipi, n'kukhala momwemo nthawi ndithu, kenaka n'kutuluka. Bizeki anafutukira kumbuyo.

"Mwaona," anatero.

"Ndaona. Ndaitana a Saidi."

A Saidi anafika pakabaza dzuwa lili pamutu. Anali mnzawo wa a Nasoni wa pa Mtakataka, dalaivala wopuma, wa ndevu zoyera ndi chikofiya. Analonjera, napepesa, kenaka natsegula boneti. Anatsatira paipi ndi zala kuchokera kudenga mpaka ku eyakilina, osathamanga.

"Mnzanga anaiganiza bwino," anatero. "Koma sindingalowe nayo m'madzi ndisanaiyese. Pakakhala kampata kakang'ono m'munsimu, injini imwa madzi pakati pa mtsinje, basi tathera pomwepo."

"Muiyesa bwanji?" anafunsa Katerina.

"Timailiza, wina n'kutseka pakamwa pa paipi ndi chikhatho. Ikafa, ndiye kuti ili bwino, ilibe pena popumira. Ikapanda kufa, ikuba mpweya penapake. Ine ndikhala pansi pa bonetipa kumvetsera. Bizeki, kwera."

"Ine ayi."

"Siluma, bwanawe."

"Ndati ayi, a Saidi. Munthu wafa ndi kubanika, inu mukuti ndikamutseke pakamwa?"

A Saidi anakanda ndevu, nayang'ana amuna ena amene anali pamthunzi. Aliyense anapeza chochita ndi maso ake.

Katerina anakunkhuniza mtondo kuchokera pakhonde, nauvundikira m'mbali mwa galimoto. Kumbuyo kwake amayi anayamba kung'ung'udza za mwambo. Anakwera, namasula nsalu ija, naiponya pansi. Pakamwa pa paipi panali pofunda, chonsecho galimoto inali pamthunzi kuyambira m'mawa. M'katimo munkanunkha petulo, fumbi ndi sopo wofiira amene mwamuna wake ankasambira.

"Bisimila," anatero a Saidi, napotokola kiyi.

Injini inatsokomola, n'kudzuka. Nkhuku zinabalalika. A Saidi anazungulira kutsogolo, nalowetsa mutu pansi pa boneti.

"Tsekani, mayi."

Katerina anaika chikhatho. Paipi inachikoka nthawi yomweyo, mwamphamvu, ngati kamwa ya mwana wa ng'ombe. Injini inatsika mawu, galimoto yonse n'kuyamba kunjenjemera. Sinafe. M'munsi munayamba kumveka kakhweru kopyapyala, kolowa, kodukiza, kolowanso. Katerina ankakadziwa kakhweru kameneko. Anakhala nako zaka zonse za ukwati wake, ndipo anakamva komaliza pamapewa pake pa msewu wa ku Mua. Mayi wina pakhonde anayamba kulira.

"Ndapapeza, chotsani," anatero a Saidi.

Anazimitsa injini. Polumikizira paipi ndi bokosi panalibe kilampu yomangira, panangokulungidwa waya wongoyembekezera. Pansi pa bokosilo panalinso kabowo kotulukira madzi kosatseka. A Saidi anapempha chubu chakale cha njinga, nachichekacheka malegeni. Anapaka girizi, nakulunga, nakoka, namanga. Kabowo kaja anakatseka ndi kachidutswa ka mphira. Nthawi yonseyi Katerina anali chiimire pamtondo. Anadziwa kuti akatsika sakweranso.

"Alamu," anatero Bizeki chapansipansi, "zakwana. Tsikani."

"Lizani, a Saidi."

Ulendo uno panalibe khweru. Chikhatho chitangofika, injini inakoka, n'kupeza palibe. Inakokanso. Paipi inagwedezeka m'mbali mwa galasi, denga linalira, ndipo Katerina anamva kugunda kwake m'fupa la mkono mpaka m'mano. Akanatha kuchotsa dzanja. Anakanikiza. Injini inagunda kwakanthawi, mofooka, motalikitsa, kenaka inaleka.

Katerina anafuna kuchotsa dzanja, koma paipi inali isanamusiye. Inamugwirabe, injini itazima kale, mpaka iye anati motsitsa, moti anamva ndi a Saidi okha, "Ndikupita kukawatenga." Apo inamasula, ndi kamphepo kofunda kamene kanadutsa pakati pa zala zake.

"Tsopano ipita," anatero a Saidi, akupukuta manja mopitirira muyeso.

Amayi anayesa kumuletsa kukwera. Anati namfedwa sawoloka mtsinje asanamete, anati anthu adzanena. Katerina anatenga botolo la phala ndi bulangete, nakhala kutsogolo. Galimoto itayamba kusuntha, Bizeki anaponya sowo pansi, nathamanga, nadumphira kumbuyo.

Anasiya tala n'kulowa msewu wafumbi umene tsopano unali matope okhaokha, kudutsa minda ya chimanga chogona ndi milambe. Powolokera panali anthu ochepa ndi njinga zawo, akuyang'ana madzi. Mtsinje unali wofiira, wotakata, ukunyamula mapesi ndi nthambi. Mitengo ya kamlatho inkangooneka mitu.

A Saidi anatsika, nayang'ana nthawi yaitali. Anafunsa mnyamata wina amene anali atangowoloka kumene, mnyamatayo naloza pamchombo, pomwe madzi anamufika. A Saidi anabwerera, nalowetsa giya yoyamba.

"Mukaopa, tsinzinani, mayi. Koma musandigwire dzanja."

"Yendetsani."

Madzi anafika m'matayala, kenaka m'nyali. Analowa pansi pa chitseko, ozizira, n'kumiza mapazi a Katerina. Funde lofiira linakwera paboneti. Phokoso la injini linamira, likumveka kutali ngati lochokera pansi pa nthaka, ndipo chimene chinatsala chinali paipi, pafupi ndi khutu lake lakumanzere, ikukoka mpweya wautali, wosalala, wopanda chotsekereza. Mwamuna wake sanapumepo choncho moyo wake wonse. Pakatikati matayala akumbuyo anaterereka, galimoto n'kuyamba kupendekera kumunsi kwa mtsinje. Bizeki anamenya denga ndi zibakera. Kenaka injini inakweza mawu, matayala anagwira mwala, ndipo anatulukira pamchenga wa tsidya linalo, madzi akuchucha m'zitseko.

A Saidi anaimitsa. Anakhala chigwirire chiwongolero.

"Mwaiponda pa nthawi yake," anatero Katerina.

Iwo anayang'ana phazi lawo, lomwe linali m'madzi, pambali pa chopondera. Analowetsanso giya.

ANangozo anawapeza atakhala pakhonde, atavala kale mpango wakuda, kamtolo ka zovala kali pamiyendo. Mnansi anati akhala chomwecho kuyambira tsiku la uthenga. Nkhope yawo inali itachepa, milomo itauma. Katerina anagwada patsogolo pawo, ndipo anagwirana manja. Misozi inalipo, koma nthawi yake sinali imeneyo, mitambo inali itayandikira.

"Amayi, imwani kaphalaka kaye."

"Ndikamwera komweko."

"Njira ndi yaitali."

"Ndati komweko, mwana wanga. Mwamuika pabwino?"

"Pabwino, pafupi ndi mtengo."

"Tiyeni."

Bizeki anali ataima patali pang'ono, zovala zili zonyowa, manja ali kumbuyo.

"Amayi," anatero.

"Wabwera nawenso," anatero aNangozo.

Anadzuka ndi ndodo yawo, nakana wowagwira. Anayenda pang'onopang'ono kudutsa pabwalo, phazi limodzi likukwekwereza, mpaka pachitseko chakumanzere chimene a Saidi anatsegula. Mpando unali m'mwamba, wofika pachifuwa pawo. Anaima. Anatambasulira ndodo kumbali osayang'anako, ngati pali munthu woilandira, naisiya. Inagwa m'matope. Kenaka anakweza mikono yonse iwiri, monga amachitira mwana wofuna kunyamulidwa, nadikira.

Palibe anasuntha. Katerina anali asanaonepo zimenezi, pakuti a Nasoni ankabwera kuno okha akamadzatenga mayi awo kupita nawo kuchipatala kukaonetsa miyendo. Mikono yoonda ija inakhala m'mwamba. ANangozo sanaitsitse.

Katerina anayang'ana mlamu wake. Bizeki anapukuta manja m'buluku, nayandikira. Anawerama, nalowetsa mkono wina kumsana, wina pansi pa mawondo, nawanyamula. Zinaoneka pankhope pake kuti sanayembekezere kuti angapepuke chotero. Anatembenukira kuchitseko.

"Mutu," anatero aNangozo. "Mkulu wako amayamba waika dzanja pamutu panga, chitsulo chingandigunde."

Bizeki anaima. Anawakhazika pabondo lake, namasula dzanja limodzi, naliika pampango wakudawo, kenaka nawalowetsa.