Tsitsani Masiki, Alamu

Amuna anga ndi namwino pa chipatala cha boma, koma m'dera lathu aliyense amawatcha Adokotala, ndipo iwo sanakanepo. Chaka cha mliri chija anagwira ntchito ngati bulu. Boma linalonjeza alawansi ya chiopsezo kwa onse osamalira odwala, nduna inachita kulengeza pa wailesi, koma ndalamazo zinathera m'njira. Adokotala anayenda nawo pa zionetsero, analankhula m'misonkhano mpaka mawu kusasa, osaphula kanthu. Mapeto ake anangoti, "Tikaonana pa voti." Mawu amenewa ankawanena podya, posamba, ngakhale popukuta nsapato.

Chisankho chili pafupi, matenda aja anawagwira. Sanafike pogonekedwa, koma lamulo linali loti wodwala abindikire m'nyumba, asatuluke. Tinawapatsa chipinda cha ana, chomwe zenera lake limayang'ana pakhonde. Chakudya ndinkachisiya pachitseko, n'kugogoda, n'kuchokapo. Macheza athu anali a pagalasi. Chifuwa sichinkawapweteka ngati mmene inkawapwetekera voti imene ankati aiphonye, ndipo ndinkawamvera chisoni kwambiri.

Ine ndine mphunzitsi, ndipo pa chisankho aphunzitsife ndi amene timatengedwa kukagwira ntchito m'malo ovotera. Malipiro athu nawonso ankabwera mwezi utaiwalika kale, choncho sindinanyade. Anandiika pa tebulo loyamba, m'kalasi ya ana aang'ono momwe makoma ake ndi odzaza zithunzi za nkhuku ndi ndege. Ntchito yanga inali kulandira chiphaso, kupeza dzina mu kaundula, ndi kuuza munthu atsitse masiki kuti ndione ngati nkhope yake ndi ya pachithunzi. Ku maphunziro anatiuza kuti aliyense atsitse, ngakhale mayi ako okubereka. Koma dzuwa litakwera, mzere utafika kugeti, tonse tinayamba kufewa. Amene ndinkawadziwa ndinkangowayang'ana m'maso n'kuchonga. Mamonita a zipani anali pabenchi kumbuyo kwanga, ndipo mmodzi anali atayamba kale kusinza.

Chakumasana kunafika bambo wamtali, chipewa pamutu, masiki akuda ofika m'zikope. Anaika chiphaso patebulo osapereka ndi moni womwe. Dzina linali la amuna anga. Chithunzi chinali cha amuna anga, ndi kolala yawo yopindika imene ndinawauza kuti aiwongole asanajambulitse. Jekete nalonso linali lawo, ndinalichapa ndekha. Koma munthu amene anali m'jeketemo anali alamu anga, akulu awo a Adokotala, okonza njinga pamsika. Awiriwa amafanana mphumi ndi maso moti apongozi anga amawasokoneza akakhala patali. Alamu sanalembetseko za voti, amati ndale ndi za anthu okhuta, ndiye panalibe choti ataye.

Ndinadziwa amene anawatuma, ndinadziwanso kuti pokonza zonsezi ankadalira kuti pa tebulo loyamba pali ine. Zinandipsetsa mtima. Komabe ndinaganiza za munthu uja ali yekhayekha pa kabedi ka ana, miyendo ili panja pa bulangete, akumvera wailesi kuti anzake akuvota. Kunali kungochonga basi, ndipo palibe akanadziwa.

"Tsitsani masiki, bambo," ndinatero.

Maso awo anatuzuka. Anawerama ngati akufuna kuona dzina mu kaundula.

"Mlamu, ndine," ananong'ona.

"Ndikudziwa kuti ndinu. N'chifukwa chake ndikuti tsitsani."

"Aa, mlamu! Munthu uja wavutika mokwanira. Mumumane ndi ichi chomwe?"

"Alamu, mukatsitsa, wapolisi ali pakhomoyo akutengani. Mukapanda kutsitsa, ine sindichonga. Chatsala ndi chitseko icho, ndipo chili chotsekula."

Monita wosinza uja anadzidzimuka. "Kodi pali vuto, aphunzitsi?"

"Bambowa atenga chiphaso choti si chawo," ndinayankha. "Akubwerera nacho kunyumba."

Silinali bodza. Alamu anatola chiphaso chija n'kutuluka akuyenda ngati jekete lawalemera. Kuyambira pamenepo aliyense anatsitsa masiki, ngakhale ahedi athu, amene anandiyang'ana ngati ndawafunsa zaka zawo.

Kuwerenga mavoti kunatichedwetsa, moti ndinafika kunyumba kutacha, anthu akusesa panja. Mbale yomwe mwana wathu anasiya pachitseko dzulo lake inali pomwepo, yosavundukula. Ndinazungulira pakhonde n'kugogoda pazenera. Katani inasuntha.

"Mwadzuka bwanji, bambo a mwana?"

"Achimwene anandiimbira," anatero Adokotala.

"Ndiye mwamva."

"Chaka chonse ndatumikira anthu popanda wondithokoza. Ndapempha chinthu chimodzi chokha, changa chomwe, n'kundikaniza iweyo."

"Voti inali yanu, koma dzanja silinali lanu. Inu nomwe mumakuwa tsiku ndi tsiku kuti asatibere. Komanso simunandifunse."

"Ndikanakufunsa ukanakana."

"Ndiye kuti munkadziwa."

Anatsokomola, n'kukhala pabedi. Ine ndinali nditakonzeka kukangana nawo mpaka anthu oyandikana nawo nyumba atuluke, koma munthu amene ndinkamuona pagalasipo sanali woti n'kukangana naye. Ndevu zinali zitamera, masaya atalowa. Mkwiyo wanga unangotha wokha, n'kutsala chisoni.

"Nanga iweyo unavota?" anafunsa.

"Ndinavota."

"Tandionetsa."

Ndinaika chala changa pagalasi. Inki inali itauma, itada bii kuzungulira chikhadabo. Adokotala anadzuka pang'onopang'ono, anafika pazenera n'kuchiyang'ana nthawi yaitali, ngati mmene amayang'anira bala la wodwala. Sanandifunse kuti ndinavotera ndani. Anangokweza chala chawo, choyera mbee, n'kuchigunditsa pagalasi mbali yawo, moyang'anizana ndi changa. Pamenepo ndi pamene ndinaona kuti amuna anga akulira.