Dzina la Wolipira Msonkho

Perlita anawapeza m'chitini chachitatu cha mabisiketi: malisiti a amilyar, msonkho wa nyumba ndi malo, atamangidwa ndi labala. Panali patangopita masiku asanu chiikireni m'manda bambo awo, Tatay Eusebio, ndipo pabalaza pankamvekabe fungo la makandulo.

Pamwamba, pa mwini malo, panali dzina la Tatay. Koma m'munsi, pa wolipira, zaka khumi ndi chimodzi zonse panali dzina limodzi.

"Dalisay! Tabwera kuno."

Mng'ono wakeyo analowa akupukuta manja m'siketi.

"Ndalama za msonkhowu ankatumiza ndani Januwale aliyense?"

"Inu, Ate, akulu anga."

"Ine, ndikukolopa zimbudzi za eni ku Hong Kong. Nanga dzina langa lili pati?"

"Amalemba amene waima pawindo. Inu mukanaima bwanji muli kutsidya kwa nyanja?"

"Usandiyese mwana. M'tauni muno ndani sadziwa kuti wosunga malisiti ndiye amadzatenga malo? Neba wathu uja, Aling Remedios, anawalanda bwanji malo abale ake?"

"Ndiye tengani, Ate. Mutengenso beseni lomwe Tatay ankasanziramo. Nalonso lili m'dzina langa."

Pamaliro paja aliyense ankathamangira kukumbatira Dalisay, mwana wa Tatay, wodziwa mapilo angati amawagonetsa bwino. Koma Perlita anthu ankangomugwira chanza n'kumufunsa kuti ndege inyamuka liti. Anali atatsala ndi masiku anayi, ndipo m'nyumba imene anaifolera ndi thukuta lake munalibe pepala ngakhale limodzi lomutchula.

M'mawa anati akukaona manda, nakwera traysikel, njinga yamoto ya matayala atatu, kupita ku ofesi ya msungichuma wa tauni. Msonkho wa chaka chamawa alipira yekha, ndi dzanja lake, pawindo pomwepo.

Mzere unali wautali. Wachinayi kuchokera kutsogolo, atavala zakuda, envulopu ili m'manja, anali Dalisay.

"Si unati ukupita kumsika iwe?"

"Inu si munati kumanda?"

Perlita analowerera pomwepo, osalabadira kung'ung'udza kwa anthu. Atafika pawindo, manja awiri analowa pakabowo nthawi imodzi.

"Landirani zanga, ndine wamkulu."

"Wamkulu wa ku Hong Kong. Mayi, mukundidziwa ine."

Mayi wa pawindoyo anatsitsa magalasi, nawayang'ana mmodzimmodzi.

"Ana a bambo Eusebio? Pepani ndi zovuta. Koma bwezani ndalama zanu, zinalipiridwa kale."

"Ndi ndani?" anafunsa onse awiri.

"Eni ake. Masabata atatu apitawa. Anabwera okha, akupuma pa sitepe iliyonse."

"Sankatha n'kufika pageti pomwe," anatero Dalisay. "Ndalama anazitenga kuti?"

"Anati agulitsa tambala wawo wa mpikisano, wofiira uja." Mayiyo anatsegula dirowa. "Lisiti anakana kutenga. Anati, 'Musunge. Adzabwera onse awiri, aliyense akubisira mnzake.'"

Wina pamzere anaseka, kenako n'kutsokomola mwamanyazi.

"Anandiuza kuti ndilembe mayina onse awiri. Ndinati malo ndi ochepa, iwo anati lembani ting'onoting'ono. Ndiye anati, 'Muyambe ndi la Perlita. Ameneyo adzawerenga.'"

"Nanga za ine sananene?" Dalisay anafunsa msangamsanga, nsanje itamusamukira.

"Ananena. Anati, 'Dalisay adzakwiya mpaka madzulo basi. Anatengera ine.'"

Perlita anatenga pepalalo. Analiwerengadi, kawiri, chala chikuyenda pansi pa zilembo zopanikizanazo. Panja dzuwa linali litakwera, ndipo Dalisay anali atayamba kale kutsika masitepe, nkhope atayang'anitsa kumbali. Perlita anamutsatira. Pa sitepe yachitatu Dalisay anaima, nagwira chitsulo cha m'mbali pomwe utoto unasupuka. Perlita anaima naye. Onse awiri anatsika choncho, akupuma pa sitepe iliyonse, mpaka pansi.